Osaweruka a M'balani ya Fodya

Inu a laputopu, zimitsani chinthucho musunge batire, magetsi sabwera lero. Sendererani kuno kumbaula. Masana onse mwakhala mukunong'onezana kuti mayi wa imvi ngati ine ndikuphunzitsa bwanji aphunzitsi anzanga kugwira kamera. Ndakumvani, makutu anga ndi a mphunzitsi. Tembenuzani chimangacho chisapserere, ndikuuzeni mmene ndinalowera m'ntchito imeneyi.

Chaka chimene mvula inakwiya chija, mtsinje wa Chisumbwi unanyamula mlatho wathu n'kupita nawo. Sukulu inali tsidya lino. Pafupifupi theka la ana anga a Sitandade 8 linkachokera tsidya lija, kumudzi wa Kanjerwa, ndipo mayeso a boma anali atasendera. Bwato linalipo limodzi lokha, mwini wake wokonda kachasu, moti panalibe kholo lamutu wabwino limene likanakweza mwana wake m'menemo m'mawa uliwonse. Akuluakulu anabwera pagalimoto, anaima pamene panali mlatho, anapukusa mitu, anajambulitsa zithunzi, n'kubwerera. Ine mtima unkandiwawa. Ana amenewo ndinali nditavutika nawo kuchokera m'makalasi a m'munsi, ndipo pakati pawo panali Mwandida, mtsikana amene ankamaliza samu ine ndisanamalize kuilemba pabolodi.

Kenaka bungwe lina linatitumizira mnyamata wa ku tawuni dzina lake Chiletso, wathalauza lothina ngati wabwereka la mng'ono wake. Anati wabwera kudzatiphunzitsa kujambula maphunziro pavidiyo kuti tizitumiza tsidya lija pafoni. Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato n'kudziuza mumtima kuti tapsa.

Koma ntchito yake ankaidziwa, pamenepo sindingamunamizire. Anatiphunzitsa kuti dzuwa lizikhala kumaso kwa wojambulidwa, osati kumsana. Anationetsa kumangirira foni pampando ndi mphira kuti isagwedezeke, kukoleka maikolofoni pakolala, kulemba zilembo zikuluzikulu pabolodi, ndi kuthamangitsa nkhuku tisanayambe. Vuto linali ife. Ahedi athu, munthu wobangula pa asembule mpaka agalu kuthawa, ataima kutsogolo kwa kamera anaiwala ndi dzina lawo lomwe. Ine ndinakana poyera.

"Iwe Chiletso, ine ndaphunzitsa ana moyo wanga wonse. Khoma sindinaphunzitsepo."

"Amayi, kamerayi musaione," iye anatero. "Onani ana anu aja. Yankhulani monga momwe mumayankhulira m'kalasi, osasintha kalikonse."

Ndiye ndinachita zomwezo. Ndinaima pabolodi, ndinakonza mpango wanga, n'kuyamba monga ndimayambira masiku onse: "Nonse amene mukundimva, kaya muli pafupi kaya muli kutali, lowani mukhale pansi. Ndipo palibe wotuluka muno ine ndisananene." Chiletso anaseka mpaka kugwira m'mimba, akuti mawu amenewo ndiwo azikhala chiyambi cha vidiyo yanga iliyonse.

Tsidya lija netiweki inkapezeka pamwamba pa chulu chimodzi chokha. Amene ankakwera chulucho ndi foni m'manja anali a Velina, wapampando wa gulu la amayi oyang'anira ana asukulu, mayi wathupi ndithu amene sankaopa munthu. Chifukwa cha chulu chimenecho, Chiletso ankakonda kunena kuti vidiyo yolemera siwoloka mtsinje. Tikajambula masana, iye ankakhala ndi laputopu yake madzulo, mahedifoni kumakutu, akudula apa ndi apo kuti ipepuke. Ine sindinkaonera. Nkhope yanga ndimaiona pagalasi m'mawa, zimandikwanira.

Malo oonetsera anavuta, poti pulojekita imafuna mdima. A Velina ndiwo anaganiza za balani yakale ya fodya, yotsala pa esiteti imene inatha ine ndili mtsikana. Ndi chinyumba chachitali cha njerwa, chopanda zenera, chitseko chimodzi, m'kati muli bii ngakhale dzuwa lili paliwombo. Anasesamo, anapachika nsalu yoyera pakhoma, anasanja matabwa panjerwa kuti akhale mabenchi, sola n'kuika padenga. Ndipo zinayenda, anzanga, zinayenda! Ana ankalemba ntchito, a Velina ankajambula makope n'kunditumizira, ine n'kumachonga pafoni. Ndinayambanso kugona tulo tabwino.

Tsiku lina a Velina anandiimbira, mawu awo akumveka ngati munthu amene akuyang'ana kumbuyo.

"Madamu, kodi mwatiwonjezera ana ena?"

"Ana ati?"

"Ayi, ndangofunsa. Anawa akumapanikizana kutsogolo, akuti kumbuyo kwadzaza. Ine ndikaunika ndi tochi ndikungoona matabwa."

"Ndi ana amenewo, a Velina. Akufuna kukhala pafupi ndi kanema basi."

"Mwina," anatero. "Koma matabwawo akumapindika pakati."

Ndinaseka n'kudula foni. Kuyambira pamenepo foni iliyonse ya a Velina inkabwera ndi chake. Choko chinayamba kutha msanga. Mapensulo a ana ankasowa m'matumba, m'mawa mwake n'kuwapeza atasanjidwa bwinobwino pathabwa la kumbuyo, onse ataloza kunsalu. M'balanimo munayamba kununkhira fodya wongowotcha kumene, chonsecho ng'anjo zake zinazima kalekale. Galu wa a Velina, amene ankawatsatira ngakhale kutchalitchi, ankafika pakhomo n'kukhala pansi, mchira pakati pa miyendo. Ndipo ine pavidiyo ndikafunsa kuti "Tili limodzi?", ana ankayankha kuti "Eee!", kenaka pambuyo pawo pankabwera "eee" wina, wapansipansi, wochedwa pang'ono. Phunziro lililonse latsopano, "eee" ameneyu ankanenepa.

Chiletso anati ndi khoma, chinyumba chachitali chimabweza mawu. Anauza a Velina kuti asiye foni ikujambula mawu m'katimo akatseka chitseko madzulo, kuti awaonetse kuti mulibe kanthu. Mawuwo atabwera anavala mahedifoni akumwetulira. Ndinamuona kumwetulirako kukuuma. Anavula mahedifoni, anawaika patebulo pang'onopang'ono, n'kupempha madzi akumwa.

"Wamva chiyani?"

"Anthu, Amayi. Sakuyankhula. Wina akutsokomola, wina akusuntha phazi, thabwa likulira. Basi angokhala."

"Angokhala?"

"Ngati akudikira."

Nkhani yotere sigona m'nyumba imodzi. Woyamba kuchotsa mwana wake anali a Zakeyu, bambo a Mwandida, mlimi wa nzimbe kudimba, munthu wamakani koma wokonda mwana wake kuposa diso lake. Anauza a Velina kuti mwana wawo sakhala thabwa limodzi ndi anthu osaoneka, ndi bwino alephere mayeso ali moyo. Makolo ena anatsatira. Anagwirizana kuti Lamulungu likubweralo, akatuluka m'mapemphero, akatsitsa nsalu ija, akhomera chitseko ndi misomali, pulojekita n'kuibweza kwa eni ake. Nditamva zimenezo ndinakwiya, ndinalira, ndinakwiyanso. Ana anali atatsala pang'ono kufika, ndiye aimitsidwe ndi matabwa opindika?

Loweruka chakumadzulo ndinatenga njinga kupita kumtsinje. Sindinkadziwa chimene ndikukachita, ndinkangofuna kuyang'ana tsidya lija. Dzuwa linali litalowa koma kunali kusanade. Madzi ankakokoma moti munthu woima pafupi nawe sukanamumva. Pa chitsa cha mlatho cha tsidya lija panaima munthu. Sindinganene kuti anali mwana kapena wamkulu, mwamuna kapena mkazi. Chimene ndinaona ndi kaimidwe kake: chilili, mapazi pamodzi, manja kumbuyo, monga amaimira mwana amene anzake amutuma kuofesi ya aphunzitsi. Nkhope yake sinkagwirika ndi maso. Ndikati ndiiyang'anitsitse, maso ankangotsetserekera kumabango.

Mawu ake anawoloka mtsinje wonsewo osanyowa, anafika ngati akuyankhulira paphewa panga.

"Madamu, tikadadikirabe."

Nditaphethira, pachitsapo panali poyera.

Njinga ija sindikumbuka kuti ndinaikwera kapena ndinaikoka. Chimene ndikukumbuka n'chakuti m'njira monse mawu awiri ankasinthana m'mutu mwanga, a Chiletso akuti ngati akudikira, ndi a munthu uja akuti tikadadikirabe. Kalasi imadikira chiyani kwa mphunzitsi phunziro likatha? Ndinalunjika kunyumba imene Chiletso ankagona, ndinamupeza akukazinga mazira.

"Tsegula chinthu chakocho. Ndikufuna ndione vidiyo yanga imodzi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza."

Anatsegula. Ndinadziona ndikuitana onse a pafupi ndi a kutali, ndikuwaletsa kutuluka ndisananene. Ndinadziona ndikuphunzitsa, ndipo kunena zoona ndimaphunzitsa bwino. Ndinapereka ntchito yokalembera kunyumba. Kenaka, pakamwa panga pali potsegula, chithunzi chinati psiti.

"Kwatsalako kuli kuti?"

"Kutinso, Amayi? Phunziro lathera pomwepo."

"Powauza kuti aweruke. Ine sindinatulukepo m'kalasi osamasula ana. Mawu amenewo ali kuti?"

Anakanda kumutu. "Ndinkadula. Mumatsanzika nthawi yaitali, Amayi, mpaka kuwauza zosamba ndi zopereka moni kwa makolo. Zimalemeretsa vidiyo."

"Mavidiyo onse?"

"Onse."

Mazira anapserera pamoto ine ndikumusambitsa chokweza. "Iwe mwana wa kuti iwe? Kwanu mumaitana mlendo, n'kumukhazika pamphasa, n'kumuletsa kuchoka, kenaka inu n'kukagona? Ana amoyo amatuluka okha chifukwa njala imawatulutsa. Nanga amene samva njala? Anthu awa ali ndi mwambo kuposa iwe, akhala pamatabwa nthawi yonseyi kudikira mphunzitsi awauze!"

Mnyamata uja sanayankhe mwano. Anayang'ana pansi, kenaka maso ake anawala.

"Amayi, sindinataye. Wojambula sataya kanthu. Zodula zonse zili muno."

Anakhala pansi pomwepo n'kuyamba kuzisonkhanitsa, kutsanzika kwanga konse, kwa phunziro loyamba mpaka lomaliza, kuzilumikiza kukhala vidiyo imodzi. Anati m'mawa aitumiza kwa a Velina. Ndinamuuza kuti iyi yokha siyokwera chulu, tipita nayo tokha.

Za ulendo wa pabwato musandifunse. Mwini wake ankanunkha kachasu wa dzulo, madzi ankalowa pansi, ine ndikukapa ndi mbale uku ndikuimba nyimbo zonse za kwaya zimene ndimadziwa. Chiletso anakumbatira laputopu yake maso ali chitsinzire. Tinafika tsidya lija anthu atatuluka kale m'mapemphero, atasonkhana pabalani. A Zakeyu anali kutsogolo, hamala m'dzanja limodzi, nzimbe m'dzanja linalo. Mwandida anaima kumbuyo kwa mayi ake, maso ali ofiira.

"Aphunzitsi, mwavutikiranji kuwoloka?" a Zakeyu anatero. "Ife tagamula kale."

"Bambo a Mwandida, hamalayo siithawa. Ndipatseni kanthawi kochepa. Zikakanika, misomaliyo ndikugwirirani ndine."

"Mukufuna kulowa m'menemo?"

"Ndi kalasi yanga."

Tinalowa atatu, ine, Chiletso ndi a Velina, chitseko tinachisiya chotsegula kuti akunja aziona. Kunja dzuwa linkaswa mtengo, koma m'katimo munkazizira ngati m'mawa wa mu Juni. Fungo la fodya linandigwira pakhosi. Sindinaone kanthu. Koma inu nonse ndinu aphunzitsi, mukudziwa kusiyana kwa chipinda chopanda anthu ndi chipinda chodzaza ana amene angokhala chete chifukwa mphunzitsi walowa. Chimenecho ndicho ndinamva. Matabwa a kumbuyo onse anali opindika.

Chiletso anamangirira foni pampando kuti izijambula. Kenaka anayatsa pulojekita.

Pansalu panatulukira ine, nditavala diresi yanga yobiriwira. "Basi kwa lero. Mwachita bwino. Nyamukani muzipita kwanu, mukapereke moni kwa makolo."

Zii. Kenaka thabwa limodzi la kumbuyo linati kwee, n'kuwongoka. Fumbi la pansi linasuntha. Kamphepo kozizira kanadutsa pakati pa ine ndi a Velina kulunjika kuchitseko. Kunja mayi wina anakuwa, anthu anapatuka okha n'kusiya mpata pakati.

Pansalu panatulukira ine wina, wa bulauzi yoyera. "Mwaweruka. Musasewere m'njira." Thabwa lina linawongoka. Anabwera ine wa mpango wofiira, ine wa chimfine ndikupukuta mphuno, ine wokwiya chifukwa tambala analira pakati pa phunziro, aliyense akumasula ake. Ndipo ankatuluka, anzanga, gulu ndi gulu, mwadongosolo, opanda kukankhana. Ndinkamva mapazi opanda nsapato pa simenti yakale ija. A Velina anandigwira dzanja mpaka zikhadabo kulowa. Akunja anandiuza pambuyo pake kuti udzu wa m'kanjira kopita kumabulugamu, kumene kale kunali tinyumba ta matenanti a pa esiteti, unkagona ndi kudzuka, kugona ndi kudzuka, popanda mphepo. Mkulu wina wa mpingo anavula chipewa.

M'balanimo munayamba kufunda. Ine mantha anasanduka chinthu china, ndinayamba kuwerama pang'ono gulu lililonse likamadutsa, misozi ikutsika. Ndani amene sangakonde ophunzira otere?

Vidiyo inatha. Nsalu inayera mbee. Chiletso anapumira m'mwamba, a Velina anayamba kuyamika Mulungu. Koma ine ndinaunika tochi kumbuyo. Pakona yeniyeni, thabwa lomalizira linali likadali lopindika mbali imodzi.

"Watsala mmodzi," ndinatero.

Chiletso anayang'ana pa laputopu n'kunong'ona. "Amayi, tsiku la samu ya mafulakishoni lija. Batire ya foni inatha musanamalize. Kutsanzika kwa tsiku limenelo kulibe."

"Palibe kanthu, mwini wake ndili pano." Ndinakonza kukhosi. "Iwe uli pakonapo, waweruka. Ukhoza kupita."

Thabwa silinasunthe.

"Ndati pita kwanu, phunziro latha."

Kuzizira kunabwereranso, kochokera pakona pomwepo. Pakhomo a Zakeyu anakweza mawu. "Mwaona? Uyo ndiye mwini malo, sachoka. Tulukani, aphunzitsi, tikhome!"

Ndiye kuti zonsezi zapita pachabe? Nditaima choncho, ndinamva kanthu kakugubuduka pansi. Kanachokera kumdima wa kumbuyo, kanadutsa pansi pa matabwa, kanadzagunda nsapato yanga. Kanali kachidutswa ka choko.

Pamenepo ndinaseka, ndithu ndinaseka mokweza, a Velina mpaka anaganiza kuti mutu wanga wasokonekera. Mwana wotsalira m'kalasi anzake ataweruka, wokhala pakona, wosayankhula, ndani wa inu samudziwa? Ameneyo sakhala wamwano. Amakhala kuti sanamve, ndipo akuchita manyazi kufunsa pagulu. Batire inatha phunziro lili pakati, ndiye mwana wa eni ake anatsala m'malere.

Ndinatola chokocho. "Chabwino, tibwereze. Wina andipatse chinthu choti ndidule."

Ndinatembenukira pakhomo.

"Bambo a Mwandida, nzimbe imeneyo. Ndi mpeni womwe."

"Ine ndilowe m'menemo?"

"Tambasulani dzanja basi, sakulumani."

Anatambasula, phazi limodzi m'kati, linalo kunja, hamala atasiya pansi. Ndinatenga nzimbe ija n'kupita nayo kumbuyo, pafupi ndi kona, pamene mpweya wotuluka m'kamwa mwanga unkaoneka ngati utsi. Sindinayang'ane pathabwapo mwachindunji. Mwana wamanyazi sumuyang'anitsitsa.

"Taona. Nzimbe yathunthu iyi. Ndaidula pakati, ichi ndi theka, ichinso theka. Theka ili ndalipatsa amayi ako, talichotsa. Latsala theka limodzi, ndipo muli awiri, iwe ndi mng'ono wako. Tidulanso pakati. Tsono funso ndi ili: kachidutswa kako aka, pa nzimbe yonse ija, ndi gawo lanji?"

"Kota," mawu anatuluka pakhomo.

"Bambo a Mwandida, sindinafunse inu!"

Anthu kunja anaphulika nako kuseka, a Zakeyu anagwira pakamwa. Kuseka kutatha ndinaika choko pathabwa n'kutembenuka, kuyang'ana kunsalu monga ndimachitira ndikafuna mwana alembe momasuka. Tinadikira. Kenaka tonse tinamva, ndi akunja omwe, choko chikukhwekhwereza pathabwa pang'onopang'ono, ngati dzanja losazolowera. Chinaima. Chinayambanso. Chinaima.

Nditaunika, pathabwapo panali mzere wautali wokhotakhota, wodulidwa m'zigawo zinayi, chigawo chimodzi chitapakidwa choko.

"Wakhoza," ndinatero. "Wakhoza bwino kwambiri. Tsopano pita kwanu, uyende bwino."

Thabwa linati kwee. Chinachake chozizira chinandigwira dzanja lamanja, mopepuka, china chitachirikiza pachigongono, monga amaperekera moni mwana woleredwa bwino. Kenaka chinandisiya. Galu wa a Velina anadzuka pakhomo, anadziwongola, analowa m'balanimo n'kuyamba kununkhiza zidutswa za nzimbe.

Nthungululu zimene zinalira tsiku limenelo zinamveka mpaka tsidya lino. Amayi anandizungulira akuvina, Chiletso anakhala pansi pafumbi akuseka ndi misozi, foni yake ikadajambulabe. A Zakeyu anatola hamala yawo, anaiyang'ana, n'kufunsa a Velina ngati pali thabwa logwedera loti akhomere. M'mawa mwake ana onse anabwerera, n'kukhala momasuka mpaka kumbuyo.

Kuyambira pamenepo Chiletso sanadulenso mawu omasulira kalasi, ngakhale vidiyo ilemere bwanji. A Velina ankangokhalitsa pachulu, atafunda ambulera. Ine ndinamuuza mnyamatayo kuti andiphunzitse kudula ndi kulumikiza ndekha, chifukwa sindinkafunanso kuti munthu wina azisankha mawu anga oti atayidwe. Anandiphunzitsa moleza mtima, ine wamakani, mpaka ndinayamba kumukonza iye. Phunziro la nzimbe lija linatuluka bwino lomwe, ndipo linayenda m'mafoni a masukulu ambiri. Oonera amangodabwa kuti mayiyu akuphunzitsiranji kona yopanda munthu.

Mayeso atayandikira, madzi anali atatsikako. Ana a ku Kanjerwa anawoloka masiku angapo mayeso asanayambe, atsikana anagona kunyumba kwanga, anyamata kwa ahedi. Analemba onse, palibe amene anatsala. Zotsatira zitatuluka, ana a m'balani anakhoza kuposa a tsidya lino amene ankandiona maso ndi maso, zimene mpaka lero sindidziwa ngati ndikondwe nazo kapena ndikhumudwe. Mwandida anasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko, woyamba m'mudzi wonse wa Kanjerwa.

Tsiku lonyamuka ndinapita kumtsinje kukamulandira. Mlatho unali usanamangidwebe, koma madzi anali ofika m'chiuno. Ndinaona a Zakeyu akuwoloka, thalauza atapinda, sutikesi ya mwana wawo ili pamutu, Mwandida akubwera pambuyo atanyamula nsapato zatsopano m'manja. Atafika pamtunda anatula sutikesi, anapukuta kumaso, ndipo sanali madzi a mumtsinje okha amene ankapukutawo. Anayang'ana mwana wawo, anayang'ana msewu wopita kudepoti, kenaka anayang'ana ine.

"Aphunzitsi," anatero, "ine ndinkaopa kuti mizimu inditengera mwana. Taonani, mwanditengera ndinu."

"Mukufuna ndikubwezereni?"

Anasenzanso sutikesi ija pamutu.

"Tiyeni, basi ingatisiye."